Komiti Yobwezeretsa Zinthu Mwakale

M'dziko lina laling'ono, limene pamapu limaoneka ngati mudzi koma pamisonkhano ya mayiko limadzitcha mtundu wonyadira, munali phiri, ndipo pamwamba pa phirilo panali yunivesite. M'munsi mwake munkadutsa mtsinje, ndipo m'mbali mwa mtsinjewo munali mudzi wa anthu amene ntchito yawo inali kuphikira ophunzira, kuwachapira ndi kuwachititsa lendi tizipinda. Nzeru zinkakhala kumtunda, anthu kumunsi. Dongosolo limeneli linayenda zaka zambiri popanda dandaulo, kapena tinene kuti popanda dandaulo limene linakwera phiri n'kukafika.

Woyendetsa yunivesiteyo anali Pulofesa Kadzuwa, amene udindo wawo ukatchulidwa wonse unali Wachiwiri kwa Mkulu Woyang'anira Nzeru Zonse za M'dziko, Msungi wa Mkanjo ndi Chipewa cha Ngodya Zinayi. Mkulu mwini wakeyo ankangobwera patsiku lopereka madigiri, ndipo popeza tsikulo linkabwera mwa apo ndi apo, panali ophunzira amene ankakhulupirira kuti munthuyo kulibe. A Pulofesa anali bambo a mimba yolemekezeka ndi mawu onenepa. Sankatha kunena kuti kunja kwacha asanayambe athokoza onse amene abwera.

Kumunsi kuja kunali mayi wina wamasiye, a Nasibeko, amene ankakazinga mandasi n'kumagulitsa kwa ophunzira. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Ndaziona, anakwera phirilo kukaphunzira uphunzitsi. Pamapepala maphunzirowo amatha zaka zinayi. Koma anzake amene anamaliza naye limodzi sekondale n'kukwatiwa anali atabereka kale ana odziwa kupita okha kuchigayo, iye akadali wophunzira. Anali atatsala ndi mayeso amodzi okha, ndipo mayeso amenewo ankangosunthidwa pa zifukwa zimene pamalopo sizisowa. Ndaziona sanali mtsikana wamwano, koma akamva mawu akuti "posachedwapa" ankatsonya.

Kenako kunabwera namondwe. Apa palibe choseketsa, ndipo sitiyesa n'komwe. Mvula inagwa masiku angapo osapumira, phiri linasanza matope ndi miyala, mtsinje unaiwala njira yake n'kulowa m'nyumba za anthu. Mlatho wokhawo wolumikiza deralo ndi mzinda unakokoloka. Anthu anafa, ena mpaka lero sanapezeke, ndipo amene anatsala anakwera phiri ndi zovala za m'thupi basi. A Nasibeko anafika pamwamba atagwira dzanja la mwana wawo, nyumba yawo itapita ndi zonse zimene zinalimo. Anthuwo, pamodzi ndi ophunzira ambiri amene ankachita lendi kumunsi, analowa mu Holo Yaikulu, mmene kale munkangolowa ovala mikanjo, n'kuyala masaka pansi.

Choseketsa chinayamba pambuyo pake, pamene zinthu pa yunivesiteyo zinayamba kuyenda bwino mwangozi.

Anthu a mabungwe othandiza anatera ndi helikopita, ndipo popeza anali alendo osadziwa mwambo wa pamalopo, anangoyamba kukonza zinthu osafunsa aliyense. Anaika thanki ya madzi. Mpopi wa pafupi ndi holo, umene ophunzira ankauyesa chipilala chachikumbutso, unatulutsa madzi, ndipo panafunika munthu wachikulire kuti afotokozere achinyamata mmene mpopi amautsekera. Anaika magetsi a sola, anakumba zimbudzi, anayala mapepala a pulasitiki padenga la laibulale. Mabuku a m'laibulalemo anauma kwa nthawi yoyamba, ndipo ena anapezeka kuti amatseguka.

Ngakhale a Pulofesa anaoneka pamzere wa pampopi, chigubu chili m'manja, kumbuyo kwa mayi amene kale ankawachapira zovala. Anadikira nthawi yawo ngati munthu wina aliyense, ndipo sanafe. Kukhitchini ophunzira anayamba kudya nyemba zosafumbwa, ena mpaka m'mimba munawadabwa. Anthu a kumunsi ndi a kumtunda anadziwana mayina, ankalira maliro limodzi, ankagawana sopo. Chisoni chinalipo chachikulu, koma panalinso madzi, kuwala ndi anthu ogwira ntchito yawo, zinthu zimene zinali zisanakumanepo paphiripo nthawi imodzi.

Chodabwitsa chachikulu chinali cha aphunzitsi. Mlatho utapita, anasowa podutsira kupita kumisonkhano ya m'mahotela, kumaganyu awo a mumzinda ndi kuminda yawo ya fodya. Anakhala manja lende m'nyumba za pasukulupo mpaka akazi awo ndi amuna awo anatopa nawo. Tsiku lina mmodzi, posowa chochita, analowa m'kalasi kuti aone ngati denga lilipo. Anapezamo ophunzira atayanika zovala, ndipo chifukwa cha manyazi anatola choko n'kuyamba kuphunzitsa. Matendawa anafalikira msanga. Pasanapite nthawi makalasi onse anali ndi munthu kutsogolo, ndipo ophunzira ena anagwira pakamwa ataona mphunzitsi amene ankamuyesa kuti anamwalira kalekale akulowa ndi miyendo yake.

M'chipwirikiti chimenechi wina anaiwala kusuntha mayeso a Ndaziona. Anaikidwa pa Lachisanu lomaliza la mweziwo, masana, ndipo anangokhala pomwepo.

Nkhani yabwino inabwera ndi inzake. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya mishoni ya kuseri kwa phiri, amene anabwera kudzagawa mabulangete, anamuona Ndaziona akuphunzitsa ana a m'holomo kuwerenga. Anamuuza kuti kusukulu kwawo kukufunika mphunzitsi, ndipo ntchitoyo ili ndi nyumba yake ya njerwa zootcha ndi malata. Chofunika chinali chimodzi: akhale atalemba mayeso ake omaliza teremu isanatsegulidwe, apo ayi malowo apatsa wina. A Nasibeko atamva sanafunse za malipiro. Anangofunsa ngati nyumbayo ili pamtunda, ndipo atauzidwa kuti ili pamtunda, anatembenukira kukhoma n'kulira mwakachetechete. Kuyambira tsiku limenelo mayi ndi mwana akamanena za Lachisanu lija ankakhala akunena za nyumba.

Koma zabwino m'dzikolo sizisiyidwa zokha kwa nthawi yaitali. Asilikali anamanga mlatho wongoyembekezera, ndipo choyamba kuwoloka sichinali chimanga ayi, koma lamulo lochokera kulikulu. Nduna Yoona za Ngozi Zogwa Mwadzidzidzi, Zogwa Pang'onopang'ono ndi Zoyembekezeka Kugwa inalengeza kuti nthawi yolira yatha, ndipo pofika kumapeto kwa mwezi zinthu zonse zikhale zitabwerera mwakale. Inawonjeza kuti idzabwera yokha ku yunivesite kudzaona ndi maso.

Mawu akuti zinthu zibwerere mwakale amanenedwa m'dzikolo pambuyo pa tsoka lililonse, ndipo anthu wamba amangowamva ngati moni, sawaganizira. Koma a Pulofesa sanali munthu wamba. Anali munthu wophunzira, wodziwa kuti mawu ali ndi tanthauzo, makamaka mawu a munthu amene angathe kukuchotsa pampando. Tsiku lomwelo anakhazikitsa Komiti Yapamwamba Yobwezeretsa Zinthu Mwakale, iwo eni n'kukhala wapampando, ndipo pafupifupi aphunzitsi onse n'kukhala mamembala. Popeza mlatho tsopano unalipo, anagwirizana kuti nkhani yolemera chotere siingakambidwe pafumbi, iyenera kukakambidwa kuhotela. Galimoto zinanyamuka m'mawa, m'makalasi munatsala zii. A Pulofesa potsegulira msonkhanowo anayamikira mamembala kuti gawo loyamba la ntchito latheka asanakhale n'komwe pansi.

M'komitimo munali Dokotala Sambakunsi, Mkulu wa Nthambi ya Mbiri Yakale, dokotala wa mabuku osati wa jakisoni. Bamboyu anakhala zaka zambiri popanda womufunsa kanthu, ngakhale nthawi. Tsopano anaimirira, anakonza tayi, n'kunena kuti munthu sangabwerere kumene sakukudziwa, choncho komiti iyambe yadziwa kuti mwakalemo munali motani, ndipo mwamwayi katswiri wa zakale ali pomwepo. Anthu anaomba m'manja. Nkhope ya a Dokotala inawala ngati yodzola mafuta ophikira.

Anayamba ndi mpopi. A Dokotala anachitira umboni kuti chiyambire iwo ntchito pamalopo mpopiwo sunadonthepo. Mphunzitsi wina wachinyamata, amene anali asanazolowere misonkhano, anafunsa ngati mwina a Nduna sankatanthauza kuti zinthu zikhale bwino.

"Kodi a Nduna anati zinthu zikhale bwino?" anafunsa a Pulofesa modekha.

"Ayi, bwana."

"Anati chiyani?"

"Anati zibwerere mwakale."

"Ndiye ife ndife yani kuti tiike mawu m'kamwa mwa a Nduna? Akanafuna zabwino akananena, pakamwa ali napo."

Wachinyamatayo anakhala pansi, ndipo kumsonkhano wotsatira sanaitanidwe. Thanki inachotsedwa n'kukasungidwa kunyumba kwa a Pulofesa, kumene inalumikizidwa kubafa kuti isaiwale ntchito yake. Magetsi a sola anagawidwa kwa mamembala kuti nawonso akasunge. Zimbudzi zatsopano zinakhomedwa, ndipo komiti inasankha munthu wodalirika woti ataye makiyi. Kulaibulale anakanganula mapulasitiki aja n'kubwezera mabeseni pamalo pamene pankadontha. Popeza mvula inali italeka, anakweza munthu padenga ndi ndowa kuti atsimikize ngati madzi akugwera pa mabuku omwe aja ankagwera kale. A Dokotala anaima mkati, anayang'ana dontho likugwera pa buku la zaumoyo, n'kugwedeza mutu mokhutira.

Kukhitchini kunali kovutirapo, chifukwa nyemba sizifumbwa tsiku limodzi. Mwamwayi anapezeka wamalonda amene ankagulitsa chakudya kusukuluyo kale, mlamu wake wa membala wina, ndipo anali nazo zotsala za chaka chatha. Alendo a mabungwe aja anayesa kufunsa kuti kodi chikuchitika n'chiyani. Anayankhidwa ndi phwando lowatsanzika, n'kuperekezedwa mwaulemu mpaka pamlatho.

Maofesi ena ataona khama limeneli anachita nsanje. Namondwe anali atakwirira ndi mchenga maenje onse a mumsewu wopita kumsika, mwakuti njinga za kabaza zinkangouluka. Khonsolo inatumiza anthu ndi makasu kukawafukula, dzenje lililonse pamalo pake. Kuchipatala mankhwala amene alendo anasiya anasamukira m'magolosale, odwala n'kuyambanso kuuzidwa kuti akagule okha. Apolisi anabwezera migolo yawo pamsewu. Pamsika mitengo ya zinthu inakwera, ndipo apa panabuka kamkangano, ena akuti mitengoyo si yakale. Akatswiri anafotokoza kuti chakale si mtengo ayi, chakale ndi kukwerako, ndipo anthu anakhutira.

Ndaziona ankaona zonsezi. Madzi apite, magetsi apite, iye ankangoyang'ana Lachisanu lake. Komiti itabwerako kuhotela anadikira pakhomo la ofesi ya a Pulofesa mpaka miyendo inachita dzanzi. Ataloledwa kulowa anapinda maondo pang'ono n'kufotokoza za ntchito ija, za nyumba, ndi za mayi ake. Kenako anapempha ngati kungatheke kuti iye ndi anzake alembe mayesowo msanga, Lachisanu lisanafike, poti mapepala ake anali okonzeka kale.

A Pulofesa anavula magalasi. "Mwana wanga, chiyambire sukulu ino palibe mayeso amene analembedwa tsiku lake lisanakwane. Olembedwa patsiku lake lenileni ndi owerengeka. Ukufuna tiyambe zachilendo pamene dziko lonse likubwerera mwakale?"

"Ayi, bwana. Kungoti ndikuopa kuti asunthidwanso."

"Palibe wawasuntha. Ali pomwepo. Pita ukawerenge."

Anatuluka atagwira mawu amenewo ngati dzira. Ndipo tisawanamizire a Pulofesa, mayesowo sanasunthidwedi.

Chotsatira chinali Holo Yaikulu. A Dokotala anakumbutsa komiti kuti mwakale m'holomo simunkagona anthu, ndipo fungo la usipa silinkamvekamo. Mamembala anapita okha kukauza anthu kuti abwerere kwawo. A Nasibeko, amene si munthu wolankhula pagulu, anafunsa kuti kwawo ndi kuti, poti pamene panali nyumba yawo tsopano pakuyenda mtsinje. Anayankhidwa mwaulemu kuti akamange pafupi ndi pamenepo mmene angathere, chifukwa kuwapatsa malo kumtunda kukanakhala kusintha zinthu, ndipo lamulo silinanene zosintha. Mayi wina amene ana ake anapita ndi madzi anafunsa ngati nawonso abwezeretsedwa, poti mwakale analipo. Funsolo linagwetsa nkhope zonse pansi, ndipo kwa kanthawi mamembala anaoneka ngati anthu. Kenako a Pulofesa anakhosomola n'kunena kuti nkhani imeneyo ndi ya unduna wina. Banja lililonse linalandira pepala la pulasitiki ndi ndowa, ndipo linajambulidwa chithunzi, choyamba likulandira, chachiwiri likumwetulira.

A Nasibeko sanalimbane nawo. Anatsika phiri, anazika mitengo m'mphepete mwa madzi omwe aja anawalanda nyumba, n'kumanga kachisakasa. Mantha anali nawo, ndipo mtsinje ukangochita phokoso pang'ono ankatuluka kukauyang'ana. Koma ankadziuza kuti ndi za masiku ochepa. Sankalola Ndaziona kutunga madzi kapena kutola nkhuni. Ankamukhazika pansi pa mtengo wa mango umene unapulumuka, makope ake ali pamiyendo, ndipo nkhuku kapena munthu akayandikira ndi phokoso ankamuthamangitsa ndi tsache.

Pofika Lachinayi zonse zinali m'malo. Chinatsala chimodzi: chipata chachikulu chachitsulo, chimene namondwe anachizula tsiku loyamba n'kuchitaya kumunsi. Amisiri anaotcherera chatsopano, anachipaka utoto, n'kuchimangirira riboni yoti a Nduna adzadule mawa lake m'mawa. Komiti inakhala msonkhano womaliza wongodziyamikira. Zakumwa zinali zitatsegulidwa kale pamene a Dokotala Sambakunsi anakweza dzanja.

"A Wapampando, funso langa ndi laling'ono. Tsiku limene namondwe anafika, chipatachi chinali chotsegula kapena chotseka?"

Mmodzimmodzi anayamba kukumbukira. Chipatacho chinali chotseka, ndi unyolo ndi loko wamkulu, chifukwa yunivesite inali itatsekedwa mpaka tsiku losadziwika. Aphunzitsi anali pa sitalaka. Namondwe anazula chipata pamodzi ndi chikwangwani cholengeza zimenezo, ndipo m'kati mwa maliro ndi matope anthu onse anaiwala. Kunena mosabisa, maphunziro onse amene anachitika m'masabata amenewo anachitika molakwika, pasukulu yotseka, ophunzitsa ake ali anthu onyanyala ntchito.

A Pulofesa anaimirira n'kukagwira dzanja la a Dokotala ndi manja awiri. Anati pakanapanda iwo, sukulu yonse ikanachita manyazi pamaso pa a Nduna. Aphunzitsi anafunsidwa chimene ankanyanyalira. Palibe anakumbukira bwinobwino, ena ankati ndi za malipiro, ena za malo oimikapo galimoto, koma onse anagwirizana kuti dandaulolo likadalipo ndipo ndi lalikulu. Anatuma munthu kumsika kukagula unyolo.

Lachisanu kunacha bwino. Ndaziona anakwera phiri m'mawa, zolembera zili m'manja, kuti akadikire masana ali pafupi. A Nasibeko anamuperekeza atavala chitenje chobwereka. Anapeza pachipata pali khamu: amayi ovina atavala nsalu za nkhope ya a Nduna, ana asukulu ataimikidwa padzuwa, ndi mamembala a komiti m'mikanjo yawo. Galimoto za a Nduna zinafika mochedwa monga mwa mwambo, zikudumpha m'maenje aja, ndipo a Nduna potsika anayamikira kuti msewu auzindikira.

Analankhula nthawi yaitali. Anati mtundu uwu ndi wolimba, namondwe anayesa kuusintha koma walephera. Anati mayiko ena akagwa m'tsoka amataya chikhalidwe chawo n'kuyamba kumanga zinthu zachilendo, koma ife ayi. Kenako anadula riboni, anthu n'kuomba m'manja, nthungululu zili pakamwa pa amayi. A Pulofesa anabwera ndi mbale yophimbidwa ndi nsalu yoyera, anaivundukula, ndipo munali loko. Alonda anakankha chipata, anakulunga unyolo, a Nduna n'kukhoma ndi dzanja lawo, maso ali kwa ojambula.

Ndaziona poyamba sanamvetse. Atamva kulira kwa loko anadzipanikiza m'khamumo mpaka anafika pamaso pa a Pulofesa, ulemu wonse utamuthawa.

"Bwana, mayeso anga ndi lero masana. Munati ali pomwepo."

"Ali pomwepo ndithu, m'kabati, m'katimo. Palibe wawakhudza. Udzalemba tikadzatsegula."

"Mudzatsegula liti?"

A Pulofesa anamwetulira n'kutembenukira kwa mlendo wawo. "Mwamva, a Nduna? Funso limeneli ndi lomwe ankafunsa namondwe asanabwere. Ngakhale mafunso a ophunzira abwerera mwakale."

A Nduna anasangalala kwambiri. Anamugwira Ndaziona paphewa n'kuuza ojambula kuti awajambule limodzi, ndipo chithunzicho chitatuluka m'nyuzipepala, pansi pake analemba kuti wophunzira akulira ndi chimwemwe. Galimoto zitanyamuka, ophunzira ena anayamba kukuwa ndi kugwedeza chipata. Apolisi, amene anali atakonzekera kale, anaponya utsi wokhetsa misozi, ndipo a Dokotala, akupukuta m'maso, ananong'oneza mnzawo kuti tsopano ndiye zonse zakwanira.

Teremu ya kumishoni inatsegulidwa. Mphunzitsi wamkulu uja anadikira mmene akanathera, kenako m'nyumba ya njerwa zootcha munalowa munthu wina. A Pulofesa analandira mendulo ya Mmisiri Wamkulu wa Kubwezeretsa, a Dokotala anakwezedwa kukhala pulofesa, ndipo pawailesi ankanena tsiku ndi tsiku kuti dziko lachira. Kumunsi a Nasibeko anayambanso kukazinga mandasi, koma ogula anali atabalalika poti sukulu inali yotseka. Ndaziona anakulunga makope ake m'thumba la pulasitiki, analipachika kudenga la kachisakasa, ndipo sanafunenso kuwaona. Zinamuwawa kwambiri, makamaka chifukwa cha mayi ake, amene sanamufunsenso za nyumba ija ngakhale kamodzi.

Chilimwe chinadutsa chipata chili chotseka. Mitambo itayambanso kusonkhana, tsiku lina masana wailesi ya mnansi inalengeza kuti kunyanja yamchere kwabadwa namondwe wina, wamkulu kuposa woyamba uja, ndipo akulunjika komweko. Mudzi wonse unasokonezeka. Anthu ankathamanga uku ndi uku, ena akugwira nkhuku, ena akuitana ana. A Nasibeko anayala chitenje pansi n'kuyamba kumangamo miphika. Anaitana Ndaziona kuti awathandize. Atacheuka anamuona atakhala pakhomo, thumba lija atalitsitsa, kope lili pamiyendo, akuwerenga chala chili pamzere.

"Iwe Ndaziona, mutu ukugwira? Anzako akumanga katundu, iwe ndiye ukuona nthawi yowerenga?"

Ndaziona sanadzutse mutu. A Nasibeko anaima mphika uli m'manja. Anayang'ana mtsinje, anayang'ana mitambo, kenako anakweza maso kuphiri kumene kunali sukulu. Anafunsa:

"Akuti namondweyo afika liti?"

"Kumapeto kwa sabata, amayi."

"Ndiye usadzuke pamenepo, miphikayi ndimanga ndekha. Koma ulendo uno udzalembe asanakonze mlatho."